Msilikali wa Kumbuyo kwa Mpando

Alamu anga ali ndi zaka 73. Ndi kalipentala, akazi awo anamwalira, ana anabalalika. Anthu amawatcha Msilikali ngakhale nkhondo sanaionepo.

Gulu lathu limachita sewero limodzi lakalekale chaka chilichonse, mu holo ya pafupi ndi msika. M'seweroli, mkulu wa asilikali wabisa mng'ono wake amene anaukira mfumu. Lamulo likuti wobisa woukira aphedwe. Mfumu imaweruza kuti afe, mkazi wake amabwera kudzalira, ndipo kumapeto kwenikweni mfumu imamuchitira chifundo. Ntchito ya alamu ndi kuima kumbuyo kwa mpando wa mfumu atagwira mkondo. Salankhula liwu ndi limodzi lomwe.

Mfumu inali a Lumo, ometa tsitsi, mnzawo wa paubwana. Mawu anali nawo, ndevu analinso nazo. Koma anayamba kuiwalaiwala. Pokonzekera ankaima pakati pa mawu n'kumayang'ana kudenga. Aphunzitsi amene amatitsogolera anati mpando upite kwa dalaivala wina amene anaudikira nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mukamuchotsa pamenepa mwamupha," anatero alamu. "Kumeta anasiya, manja akunjenjemera. Chatsala n'chomwechi."

"Nanga akaiwala pamaso pa anthu, bambo?"

"Ndizimunong'oneza. Mawu akewo ndimachita kuwalota."

"Chabwino. Koma akaphonya, mpando ukupita."

Anapangana choncho.

Tsiku la sewero holo inadzaza. Alamu ankanong'ona, a Lumo n'kumabwereza, zinthu zikuyenda. Inafika nthawi yoweruza. Wolakwa anagwada, manja ali omangidwa. A Lumo anangomuyang'ana.

"Aphedwe," ananong'ona alamu.



"Aphedwe, iwe!" Apa ngakhale a mzere wakumbuyo anamva.

A Lumo anatembenuka. "Iwe kalipentala, mfumu ndi ndani pano?" Kenako anauza wogwada uja kuti, "Wabisa mng'ono wako? Nanga ukanabisa ndani? Dzuka mwanawe, mawondo angapweteke. Pita kwanu."

Sewero linathera pompo, theka lisanakwane. Mayi wosewera mkazi wa wolakwayo anatsala kuseri kwa nsalu, anyezi ali m'manja, misozi atakonza kale. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ena anaimirira n'kuwomba m'manja.

Mawa lake ena a m'gulu anati a Lumo apitirize basi, popeza anthu anasangalala. Amene anakana ndi alamu.

"Tinapangana," anatero. "Dalaivalayu wadikira mokwanira."

A Lumo anawayang'ana maso ali psuu. "Mnzanga wanji iwe?"

"Wako yemwe uja. Mawa ubwere kushedi ndidzakuyeze msinkhu."

"Wa bokosi?"

"Wa mkondo, chitsiru iwe."

Alamu anawasemera a Lumo mkondo wa mtengo wopepuka, woti manja onjenjemera angaugwire. Anakhomanso kampando kakang'ono kobisika kuseri kwa mpando waukulu, kuti miyendo ikatopa azikhalapo. Aphunzitsi anati m'sewero mulibe msilikali wachiwiri. Alamu anati mfumu ya msilikali mmodzi ndi yosauka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano mfumu ndi dalaivala uja, ndipo saphonya. Kumbuyo kwake kumaima asilikali awiri okalamba. Ikafika nthawi yoweruza, alamu amaponda phazi la a Lumo kuti asalankhule. Chaka chatha zinatheka.