Mkono wa Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kukula kwa mawu. Ndinkaimba besi m'kwaya kutchalitchi kwathu cha ku Malosa, ndipo Lamulungu lina titaweruka, Sisitala Chikopa, namwino wamkulu pa kachipatala ka m'dera lathu, anandikodola. Anati akufuna munthu woitana mayina pamzere wa odwala, woti ngakhale ogontha amve. Ine n'kuti nditangokwatira kumene, ndikukhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, wopanda china chogwira kupatula khasu. Ndinavomera iwo asanamalize n'kulankhula komwe.

Miyezi yoyambirira ndinkasesa, kuitana mayina ndi kukweza anthu pasikelo. Sisitala ataona kuti mutu wanga umagwira zinthu, anandiphunzitsa kuyeza bipi, kuthamanga kwa magazi kuja. Makina athu anali opopa pamanja: lamba wokulunga pamkono, kampira kopopera, kawotchi ka manambala, ndi chomvetsera cha m'makutu. Wodwala ayambe wakhala pansi apume kaye, mkono augoneke patebulo. Malaya akwezedwe mpaka paphewa, chifukwa lamba amafuna khungu. Umamanga lambayo pamwamba pa chigongono, kusiya mpata wa zala ziwiri, n'kuika chomvetsera mkati mwa chigongonomo. Upope mpaka kugunda kuleke kumveka, kenako uzitulutsa mpweya pang'onopang'ono. Pamene kugunda kwayambira, ndiyo nambala yapamwamba. Pamene kwazilalira, ndiyo yapansi. Zonse ziwiri umazilemba m'kabuku ka wodwala, iye n'kulowa nako kwa adokotala.

"Bipi silemba pankhope," ankatero Sisitala. "Munthu akhoza kumaseka nawe uku mtsempha wa m'mutu uli pafupi kuphulika. Usadzalembe nambala imene khutu lako silinamve."

Ndinkagwedeza mutu monyada. Ndinali nditayamba kale kuyenda ndi chomvetsera m'khosi ngakhale popita kukatunga madzi pamjigo, ndipo ana a m'mudzi akamati "adokotala", sindinkawadzudzula.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mayi a Esinati ndinali nditakhala pamudzi pawo chaka chathunthu, koma nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo. Sichinali chidani ayi, unali ulemu, ndipo ine ndinkadzitama kuti ndine mkamwini wodziwa mwambo.

Lolemba lina mzere unafika mpaka pamtengo wa mango. Sisitala anali kuchipinda cha amayi oyembekezera. Ndinatola kabuku kotsatira, n'kukuwa dzina ndi besi yanga yonse, ndipo nditamaliza kulitchula m'pamene ndinazindikira mwini wake. Apongozi anadzuka pabenchi, atavala juzi ya manja aatali, n'kudzakhala pampando atatembenukira kukhoma. Nanenso ndinayang'ana pakalendala.

"Mwabwera ndi chiyani, amayi?" ndinafunsa kalendalayo.

"Mutu, bambo," anayankha khomalo. "Ndi kumbuyo kwa khosi kuno. Maso akumachita chidima."

Zizindikiro zimenezo ndinkazidziwa bwino. Koma kuti ndiyeze, ndinayenera kuwauza avule juzi, ndiwagwire mkono, ndifunefune mtsempha ndi zala zanga. Pabenchi panali amayi atatu a m'mudzi mwathu, maso onse pa ine, wina atatseka kale pakamwa ndi nsalu. Ndikanatha kuwauza apongoziwo kuti adikire Sisitala, koma ndinaopa kuti anthu aziti adokotala athu aja alephera. Ndinakulunga lamba pamwamba pa juzi, osamanga n'komwe, ndinapopa kawiri, chomvetsera chili lende pachifuwa panga. Kenako ndinalemba 120/80, nambala ya munthu wabwinobwino. Adokotala anaona nambalayo, anawapatsa mapiritsi a mutu, iwo n'kubwerera kumudzi.

Panapita masabata atatu. Kangapo konse ndinaganiza zowauza Sisitala kuti awayezenso, koma ndikanayamba bwanji osaulula?

Tsiku lovutalo linali Lachinayi m'mawa. Ndikuitana mayina, ndinaona alamu anga akukankha njinga, Esinati atagwirira munthu pakaliyala. Apongozi anali atagwa kudimba akuthirira mpiru. Pakamwa panali patapindikira kumodzi, malovu akutuluka, mkono wamanja ukungolendewera. Mkono womwe uja.

Sisitala anang'amba malaya osafunsa aliyense, anamanga lamba kumkono wamanzere n'kupopa. Singano ya kawotchi inayamba kugunda kupitirira mazana awiri. Anati ndi sitiroko, matenda ofa ziwalo aja, natuma munthu aitanitse ambulansi. Kenako anatsegula kabuku kaja, anawerenga, n'kundiitanira kuseri kwa chitseko.

"Izi walemba ndiwe. Mutu, khosi, chidima m'maso, koma 120/80. Unaimva nambala imeneyi?"

Mawu anga aakulu aja anandithawa. Ndinangoti, "Ndi apongozi anga."

"Sindinafunse chibale. Unaimva?"

"Ayi."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandivula chomvetsera m'khosi n'kuchiika m'thumba la yunifolomu yawo. "Tikanawayambitsa mankhwala tsiku lomwelo. Sindikunena kuti sakanagwa, zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma mwayi umene anali nawo unawalanda ndi cholembera. Kwera nawo ambulansi, ndipo mkazi wako umuuze wekha."

Ndinamuuza masana omwewo pakhonde la chipatala chachikulu ku Zomba, amayi ake atagonekedwa mkati. Ndinkalankhula nditayang'ana phiri, chifukwa nkhope yake sindikanaitha. Esinati anati, "Inu munaopa mkono wa amayi, koma maliro awo simunawaope?" Akuluakulu amati manyazi anapha lambe. Anga anafuna kupha munthu wina, ine ndili bwinobwino, ndipo chimenecho n'chimene chimandiwawa mpaka lero.

Apongozi sanamwalire. Anatuluka patatha masabata awiri, mwendo akukoka, mkono wamanja utafa, mawu akutuluka movutikira. Ine ndinabwezedwa kutsache miyezi itatu, ndipo palibe mwana amene ananditchulanso adokotala. Tsiku limene Sisitala anandibwezera chomvetsera linali la odwala bipi, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi, pakuti kabuku koyamba pamulu kanali ka apongozi.

Esinati anawakhazika pampando. Ine maso anayambanso kufunafuna kalendala. Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo. Ndi dzanja lamanzere ananyamula mkono wakufawo n'kuugoneka patebulo pamaso panga.

"Uwu munauopa uli wamoyo, bambo," anatero pang'onopang'ono. Kenako anatambasula wamanzere. "Watsala umodzi. Gwirani."

Ndinakweza malaya awo mpaka paphewa ndi manja anga, ndinamanga lamba pakhungu, ndinaika chomvetsera, ndipo ndinamva mtima wa apongozi anga ukugunda m'makutu mwanga. Nambala inali idakali yokwera, ndipo ndinailemba momwe inalili.

Ndayeza mikono yosawerengeka kuchokera pamenepo, ya abusa, ya aphunzitsi anga akale, ya anthu amene panjira ndimawagwadira. Mwambo sindinautaye: kumudzi ndinapitirizabe kuwapatukira apongozi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, patapita zaka zisanu ndi zinayi. Koma patebulo paja, kaya pakhale ndani, ndimapempha kuti avule juzi.