Zulfa ndi kompyuta ya a Fanuel

Tsiku limene Zulfa anauzidwa kuti alongedze katundu wake, analibe kwina kolowera.

Inu amene mukuona ngati zonse zakutsekerani, tamvani za mayi ameneyu. Makolo ake anamwalira iye ali Fomu 2 kwawo ku Lirangwe, ndipo sukulu inathera pomwepo. Banja limene analowa silinathe zaka zitatu. Chomwe chinamutsalira ndi mwana mmodzi ndi ntchito ya m'nyumba kwa a Fanuel ku Chileka, kumene ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini.

A Fanuel anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo mayi a kunyumba kwawo anali atamwalira. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankalemba buku la masamu m'Chichewa pa kompyuta yakale ya patebulo. Atatsala pang'ono kumaliza anachita sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, mawu n'kumatuluka amodziamodzi. Komabe m'mawa uliwonse ankakhala pa kompyutapo n'kumalemba ndi chala chimodzi chakumanzere. Bukulo silinasungidwe pena paliponse.

Lachiwiri lina Zulfa akukolopa, ananyamula bokosi la kompyutayo kuti apukute pansi pake. Linamupulumuka m'manja n'kumenya simenti. Analibwezera pamalo pake, osauza munthu. M'mawa mwake a Fanuel atadina batani, sikirini inangoti bii.

Mwana wawo Gerald, amene ankakhala nawo pakhomopo ndipo ankagwira ntchito ku bwalo la ndege, anafunsa kamodzi kokha kuti bokosi la kompyutalo latani.

“Ndinaligwetsa ndine, achimwene,” anatero Zulfa. “Sindinachite dala.”

“Iwe ukudziwa zimene zili m'menemu? Lachisanu ndikaweruka ndipita nayo m'tauni. Mnzanga wati akafufuta zonse n'kuikamo zatsopano, mwina iyakanso. Ndipo iweyo ndidzakupeze utalongedza.”

A Fanuel atamva mawu oti kufufuta anayesa kulankhula, koma pakamwa panakana. Zulfa anaona msozi ukutsika pa tsaya lawo. Zimenezi zinamupweteka kuposa kuchotsedwa ntchito.

Lachinayi anasiya mwana kwa neba, anakwera kabaza, kenako minibasi mpaka ku Lirangwe. Kumeneko kunali Che Twahir, mnzawo wa malemu bambo ake, amene ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina. Kale anagwirako ntchito m'shopu ya makompyuta ku Limbe. Zulfa anawafotokozera zonse n'kuwagwadira kuti apite naye ku Chileka.

Che Twahir anamulozera phazi lawo lotupa, lokulungidwa bandeji. “Ndi shuga ameneyu, mwanangu. Kabaza sindingakwere. Tandiuza, ukayatsa, fani ikuzungulira?”

“Sindikudziwa.”

“Ikulira? Kangati?”

“Sindinamvetsere.”

“Ndiye wabwera kudzandiuza chiyani? Wangoona mdima pa sikirini n'kuyamba kulira maliro?”

Mkuluyo anapisa pansi pa benchi n'kutulutsa bokosi la kompyuta yakufa. Anamuonetsa kambale kobiriwira, kakatali ngati chipeso, ka mano agolide m'mphepete.

“Aka ndi ramu. Makina akagwa, nthawi zambiri ndi kamene kamasuntha. Katulutse, ukabwezeremo.”

Zulfa anayesa, kanakana. Anayesanso, anakalowetsa mozondotsa. Che Twahir sanamuthandize. Anamubwerezetsa mpaka zala zinazolowera, dzuwa litapendeka. Potsanzikana anamupatsa sikuludiraiva ndi labala ya pensulo.

“Sindikukulonjeza kanthu. Mwina chathyoka ndi china. Koma usalole afufute usanayese.”

Lachisanu m'mawa Gerald atangotuluka, Zulfa anagwada pafupi ndi mpando wa a Fanuel.

“Abambo, ndikupempha mundilole ndiitsegule. Ndikhoza kuiwonongeratu. Mukakana, sindiigwira.”

Mkuluyo anagwedeza mutu kuvomera.

Zulfa anadina batani n'kugunditsa khutu pa bokosi. Fani inkazungulira. Kenako kunamveka kulira kwakufupi katatu. Anaimbira Che Twahir.

“Katatu? Ndi ramu imeneyo. Zula pulagi kukhoma. Usanagwire m'kati, yamba wagwira chitsulo cha bokosilo. Ukatulutsa, upukute manowo ndi labala, kenako…”

Foni inaduka. Mayunitsi anali atatha.

Inali itakwana 10 koloko, ndipo Gerald ankaweruka 1 koloko. Zulfa anamasula chivundikiro. M'kati munali fumbi lambiri ngati thonje lakuda. Analichotsa pang'onopang'ono ndi kaburashi kouma. Kenako anakaona kambale kobiriwira kaja, mbali imodzi katatukuka. Anakatulutsa, anapukuta mano ake mpaka anawala, anakabwezera, analumikiza pulagi n'kudina batani.

Kulira katatu.

Anazula, anatulutsa, anabwezeranso. Katatu. Thukuta linkadontha pachibwano. Mumtima munabwera mawu oti: iwe wa Fomu 2, wakolopa, ukuyesa chiyani? Tseka, ukalongedze. Anatuluka panja, anasamba kumaso, anapempha Mulungu mwachidule, n'kubwerera.

Atayang'anitsitsa anaona kuti tingowe ta pulasitiki togwira ramu m'mbali sitinatsekeke. Kwa Che Twahir ankakanikiza mopanda mantha chifukwa makinawo anali akufa kale. Apa ankangosisita, kuopa kuthyola. Anazula pulagi, anaika zala zazikulu ziwiri pamwamba pa kambaleko, anatsinzina, n'kukanikiza ndi mphamvu. Kunamveka thwa mbali iyi, thwa mbali inayo.

Analumikiza pulagi. Anadina. Zii. Ngakhale fani siinagwedezeke.

Kenako anazindikira kuti firiji nayo yasiya kulira. Magetsi anali atazima.

Gerald anafika nthawi yake, n'kupeza kompyuta ili yasaa patebulo, mawaya ali poyera.

“Wakupatsa chilolezo ndani? Kuigwetsa sikunakukwanire?”

“Achimwene, tidikire magetsi. Ikakana, ndinyamuka lero lomwe.”

“Ndidikire zopusa? Shopu ya mnzanga atseka 5 koloko!”

Anamukankhira pambali n'kugwira bokosi lija kuti alinyamule. Pamenepo ndodo inamenya simenti mwamphamvu. A Fanuel anali ataimirira okha, atatsamira khoma, thupi lonse likunjenjemera.

“A-yi,” anatero. Anapuma, nkhope itakwinyika ndi khama. “Di-ki-ra.”

Gerald anasiya. Anawakhazika bambo ake pampando, iye n'kukhala pakhomo, maso pa wotchi. Ola linadutsa. Ndege ina inadutsa pamwamba, mawindo n'kunjenjemera. Ola lachiwiri linayamba. Zulfa anali chiimire pambali pa tebulo, miyendo itachita dzanzi.

Itangopitirira 3 koloko, firiji inadzuka.

Zulfa anati Bismillah chapansipansi, n'kudina batani. Fani inazungulira. Kunamveka kulira kamodzi, kamodzi kokha. Sikirini inaphethira, zilembo zoyera zinaoneka, kenako inawala yonse. A Fanuel anakoka mpando, ndi chala chawo chimodzi chija anatsegula buku. Masamba onse mazana atatu ndi khumi ndi awiri analipo. Mkuluyo anaphimba nkhope ndi dzanja lamanzere, mapewa akugwedezeka.

Zulfa sanavine. “Achimwene, muli ndi fulashi? Tikopere bukuli pompano, magetsi asanazimenso.”

Gerald anachotsa fulashi pa makiyi ake n'kumupatsa. Kupepesa sanapepese tsiku limenelo. Anangoti, “Katundu uja masula.” Koma patatha milungu iwiri anabwera ndi laputopu ya mnzake wa kuntchito, n'kuiika patebulo la khitchini. “Akuti siikuyaka. Taiona.”

Imeneyo inamukanika. Anapita nayo kwa Che Twahir, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankakhala pabenchi paja. Sizinali zophweka. Tsiku lina anapsereza makina a munthu, analira njira yonse yobwerera ku Chileka. Amuna ena ankafika n'kufunsa kuti, “Okonza ali kuti?” iye ali pomwepo ndi sikuludiraiva m'manja. Chingerezi cha m'mabuku okonzera chinkamuvuta, ankachita kuwerenga mzere umodzi kasanu. Sanasiye.

Lero mukafika ku Lirangwe mupeza kashopu kopaka utoto wobiriwira, ndipo amene akutsegula makompyuta a masukulu ndi a amalonda a m'deralo ndi Zulfa. Akuphunzitsanso amayi awiri, Nasima ndi Miriam, amene nawonso sukulu anailekera panjira. Munthu akabwera atanyamula makina, nkhope ili yakugwa, iye amati, “Khalani pansi kaye, tiyambe tamvetsera.”

Mwina inunso mwalakwitsa chinthu chachikulu, ndipo anthu akuuzani kuti zanu zatha. Vomerani cholakwacho ngati mmene anachitira Zulfa, koma musathawe. Pitani kwa wodziwa, funsani, yesani. Zikakana, sambani kumaso mubwererenso. Mtima wanu musautaye, chifukwa mwina chatsala n'kukanikiza kamodzi kokha.