Chitseko Chotseka ku Mbungo

M'chaka cha 2023 ndinali ndi zaka 74. Mwana wanga wamkazi wotsiriza anabwerera kwathu ku Mbungo, pachilumba pano, ndi kompyuta. Ntchito yake inali yoyesa masewera a pafoni amene anamasuliridwa m'Chichewa. Tsiku lonse ankayendetsa kamunthu ka pagalasi m'njira imodzimodzi, kuona ngati mawu akumveka ndiponso ngati akukwana pamalo pake. Eni ntchito anamulumbiritsa kuti asaulule za masewerawo asanatuluke.

Ine anandiuza chifukwa nyumba ndi yanga. "Koma bambo, musauze munthu, angandichotse ntchito." Ndinavomera, ndipo ine mawu anga sindibweza.

Kwathu kuno chitseko sichitsekedwa masana pokhapokha muli wodwala. Cha chipinda cha mwanayo chinkakhala chotseka, m'katimo mukumveka kulira kwa zilombo ndi mawu a amuna achilendo. Mphekesera zinafika mpaka ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu.

Tsiku lina pa bawo mmodzi mwa anzanga awiri a paubwana anati, "Achimwene, mwana wanu akuweta chiyani m'nyumbamo? Tikaitane ansembe?" Onse anaseka. Yankho linali pakamwa, lalifupi. Ndinangotola chipewa changa n'kumapita.

Ndinamupempha mwanayo kuti atsegule chitseko kamodzi kokha, anthu aone. Anakana. Ndinamupempha andimasule pa lonjezo langa. Anakananso, akulira.

Masewerawo atatuluka ndinamasuka kulankhula, koma panalibenso wofuna kumva. Mwanayo anali atakwera kale sitima ya pamadzi n'kuchoka, atatopa ndi kulozedwa chala pamsika. Ndinataya malo anga pa bawo, anzanga awiri a paubwana, ndi mwana mmodzi amene sanabwerenso.