Mbendera Yofiira pa Bokosi la Bambo

Ndinadzuka kusanache, mvuu zikulira ku nyanja ya Kazuni ngati nazonso zamva uthenga wa maliro a bambo. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse, ndipo kuseri kwa nyumba nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Ine mtima unali kumsewu. Mchemwali wanga, wokwatiwa ku Zambia kupitirira Hewe, anali asanafike, ndipo mvula inali itawononga njira.

Bambo anagwira ntchito pa kasiteshoni ka njanji kummwera, kumalire a Mozambique, komwe anakwatirako mayi. Sitima itasiya kudutsa, kasiteshoniko n'kumera thengo, anabwerera kwawo kuno ndi mbendera ziwiri, yofiira yoimitsira sitima ndi yobiriwira yoilolera kupita. Anthu a kuno, ambiri osaionapo sitima, ankawaseka akamazichapa n'kuziyanika padzuwa.

Dzuwa litakwera, bwalo linadzaza, ena pa njinga, ena wapansi. Mitambo inayamba kuda. Adzukulu anatumiza mawu kuti m'manda mwayamba kulowa madzi. Mkulu wa mpingo anagwada pafupi ndi mayi.

"Amama, nthawi yatha chomene. Titseke bokosi."

Mayi anaimirira. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi mbendera yofiira ija, n'kuiyala pa bokosi.

"Bambo awa anaimitsapo sitima yathunthu chifukwa cha mayi mmodzi wothamanga ndi mwana kumbuyo. Inu simungadikire mwana wawo?"

Mvula inayamba kuwaza, adzukulu akukapa madzi ndi ndowa, ena akung'ung'udza chapansipansi. Ine ndinachita mantha kuti tidikira pachabe.

Mchemwali wanga anatulukira masana, matope mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Anthu anamupatukira. Anagwada, n'kuyang'ana nkhope ya bambo nthawi yaitali, ndipo apo ndi pomwe inenso ndinalira osadzigwira. Kenaka mayi anachotsa yofiira, n'kukweza yobiriwira m'mwamba monga ankachitira bambo. Nthawi ino palibe anaseka. Tinanyamula bokosi, tikuterereka m'matope mpaka kumanda, ndipo yobiriwirayo inatsikira m'manda limodzi ndi bambo.

Madzulo nyumba inangoti zii, mvuu zokha zikumveka patali. Mchemwali wanga ananena motsitsa mawu kuti mawa alawirira, ana anawasiya okha. Mayi anangogwedeza mutu. Nditalowa kuchipinda kukatenga nyali, ndinapeza mbendera yofiira ija itayalidwa pa chikwama cha mchemwali wanga.