Sosten Womasulira Makatuni ndi Disiki ya a Edmond

M'chaka cha 2016, nyengo imene mitengo ya kuno imafiira n'kuyoyola masamba, Sosten Chimbalanga anatsika basi ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, atavala majekete awiri. Linali Lachiwiri, pa 11 Okutobala. Mlongo wake Vainess, namwino amene anali atakhazikika kale kuno, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Achimwene, kuzizira sikunayambetu. Kukayamba mudzavala chiyani, matiresi?"

Kwawo ku Ndirande Sosten ankamasulira mafilimu. Filimu ya Chitchaina kaya ya Chimwenye inkalowa m'kachipinda kake, n'kutulukamo ikuyankhula Chichewa cha mumsika. Iye yekha ankakhala msilikali, mbava, mayi wolira maliro, ngakhale galu. Chitchainacho sankadziwa ndi liwu limodzi lomwe. Ankangoyang'ana nkhope ndi manja a anthuwo, zotsalazo mutu wake unkapeka.

Kuno anapeza ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi, ndipo pakamwa pake panakhala nthawi yaitali popanda ntchito. Chimene chinkamupweteka kunyumba n'chakuti ana a Vainess ankamva Chichewa bwinobwino koma n'kumayankha m'Chingerezi. Loweruka pa 4 Malichi 2017 anawapeza akuonera katuni. Anatsitsa mawu a TV mpaka zii, nakhala kuseri kwa mpando n'kuyamba kuyankhulira zidolezo. Bakha anayamba kudandaula za mtengo wa feteleza. Chimbalangondo chinapempha moto kwa aneba. Ana anagubuduzika pakapeti, ndipo pofuna kutsutsana ndi bakhayo anamutsutsa m'Chichewa.

Mbiri inawanda. Loweruka lililonse makolo ankatula ana m'chipinda chapansi cha nyumba ya Vainess, ena n'kunamizira kufunafuna makiyi kuti akhaleko pang'ono. Ana anamutcha Ankolo Katuni. Iye mwini analowerera makatuni a ku Japan, amene eni ake amati anime, ndipo posakhalitsa anadziwa chinthu chimene ambiri mwa anthu akwathu sanachiganizepo: kumeneko kuli makatuni ena opangira akuluakulu okha. Oterowo ankaonera yekha pafoni nthawi yopuma kuntchito.

Pamela anakumana naye paukwati ku Speedway, dera la ku Indianapolis, pa 26 Meyi 2018. Anali mtsikana wa ku Dedza woyeza magazi m'labu ya chipatala, wa phwete lomveka kutsidya kwa msewu. Ankakhala ku Beech Grove, chakomweko, kwa amalume ake, a Edmond Kamwendo, mphunzitsi wa masamu, mkulu wa mpingo, komanso tcheyamani wa gulu la Amalawi ku Indianapolis. Makolo a Pamela anali atanena poyera kuti kunja kuno mwini mbumba ndi a Edmond, ndipo zimene iwo anene ndi zomwezo.

A Edmond sanakane, sanavomerenso. Mawu awo anali amodzi: "Tiona." Kwa akazi awo a Evelina ankawonjezera kuti, "Mwamuna wandevu zake kumaonera zidole, ameneyo n'kulera banja?" Sosten anatha matayala pamsewu wa 31, wa pakati pa South Bend ndi Indianapolis, kupita ndi kubwera, chaka chinatha, akuluwo akuonabe.

Kenaka kunabwera foni. Loweruka pa 6 Julaye 2019 kunali chikondwerero cha ufulu wa Malawi m'holo ya tchalitchi ku Indianapolis, ndipo a Edmond anafuna kuti Sosten adzaonetse luso lakelo kwa ana, iwo akuona ndi maso awo. Aliyense anadziwa kuti awa anali mayeso. Sosten anameta, nasita shati, nasankha katuni ya bakha yosalakwa ngati madzi akumwa.

Anthu atakhuta n'kukhala pamipando, ana kutsogolo, abusa pamzere woyamba, a Edmond anamukokera Sosten pambali natulutsa disiki m'thumba la jekete.

"A Chimbalanga, zanu zija musunge. Iyi ndasankha ndekha, ndinagula dzulo m'sitolo ya zakale ku Lafayette Road. Onani kukongola kwake. Ana aikonda."

Pachikuto panali mphaka wovala tayi, bambo wamfupi wamimba, ndi amayi asanu a maso aakulu ngati sosala. Sosten anayang'anitsitsa chikutocho. Katuniyo ankaidziwa. Inachokera ku masewera ena a pakompyuta a akuluakulu, amene munthu amawerenga nkhani n'kumasankha zoti zichitike. Nkhani yake inali yonyogodola andale: meya wa katauni amene analonjeza ukwati kwa amayi asanu aja, akuluakulu a m'maofesi ake, aliyense payekha, pofuna mavoti. Inali yoseketsa ndithu, koma munali zina zosati mwana aone, ngakhale abusa.

"Rimoti ndigwira ine," anatero a Edmond. "TV ndi yanga, imavuta kwa alendo."

Pamela anaona nkhope ya Sosten nabwera ngati akudzakonza chingwe cha maikolofoni.

"Iwe, wadwala?"

"Iyi si ya ana."

"Si katuni kodi?"

"Ndi katuni, koma muli anthu osamba."

"Mayo ine! Auze malume."

"Akandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndiyankha chiyani? Ndiye ndiwauzenso kuti iwo, mkulu wa mpingo, agula zimenezo?"

Pamela anadziluma chala kuti asaseke. "Ndiye utani?"

"Ayisikilimu alipo?"

"Alipo, koma ndi wa pambuyo pa pemphero lotsekera."

"Ukangomva mphaka wamutchula, utuluke ndi ana onse. Usasiye ngakhale wa kumsana."

Sosten anapempha a Edmond kuti azimitse mawu ndi malemba omasulira apansi, monga mwa ntchito yake, ndipo katuni inayamba. Meya anatulukira mu ofesi akudzisisita mimba.

"Tikulandireni nonse," anatero meyayo m'Chichewa cholemera, "ku msonkhano wa gulu lathu. Tinati uyamba thu koloko. Ino ndi faifi, ndiye kuti tafulumira."

Holo yonse inaphulika. Sosten anasandutsa meya uja kukhala a Tcheya a gulu la Amalawi, amayi asanu aja n'kukhala atsogoleri a makomiti: wa zophika, wa kwaya, wa maliro, wa zokongoletsa, ndi wina amene komiti yake palibe ankaikumbukira koma sankajomba pa chakudya. A Tcheya ankalonjeza aliyense mpando wakutsogolo m'galimoto popita ku Chicago. Amayi m'holomo anayamba kugundana zigongono ndi kulozana ndi milomo.

Meya atakumbatira mayi woyamba mothina kwambiri, Sosten analira m'maikolofoni: "Pepani mayi, pepani, maliro amenewa atikhudza tonse!" Atakumbatiranso wachiwiri kuseri kwa kabati anati, "Inunso pepani, anali munthu wabwino!" Wachitatu atawapezerera n'kumuwomba meya mbama, mawu a mayiyo anatuluka okoma ngati uchi: "Udzudzu, a Tcheya. Ukanakupatsani malungo."

"Ku Indiana kuli malungo?" anafuula a Bizwick, dalaivala wa mathiraki, ali kumbuyo.

"Anabwera nawo m'sutikesi pamodzi ndi usipa!" anayankha mphaka wa tayi uja, osaphonya mpweya.

A Evelina anali atavula magalasi chifukwa cha kuseka. A Edmond poyamba anakhala chiwongokere, popeza tcheyamani m'holomo anali mmodzi yekha, koma mapewa anawapereka. Anayamba kugwedezeka, kenaka anatulutsa mpango.

Pa TV basi ya meya ndi amayi aja inali itayamba kukwera phiri, ndipo Sosten ankadziwa kuti pamwamba pa phirilo pali akasupe a madzi otentha. Mphaka atangoyang'ana kutsogolo, Sosten anamupatsa mawu.

"Ana inu! Inde inuyo mwakhala pansinu. Panja ayisikilimu akusungunuka. Womaliza anyambita chivundikiro!"

Ana anadzambatuka ngati mbalame zoponyedwa mwala. Pamela anatsegula zitseko zonse ziwiri, nanyamula wina wokwawa m'khwapa, natseka kunja. Sosten anapuma.

"Bambo," anatero chapansipansi, "poti ana atuluka, mwina tipoze kaye."

"Ayi!" inakuwa holo yonse. "Ipitirire!"

"Pitirizani, a Chimbalanga," anatero a Edmond akupukuta misozi. "Tione ngati a Tcheyawa apereke lipoti la chaka."

Nthunzi inadzaza sikirini. Amayi asanu aja anatulukira atadzikulunga mataulo.

"Apa," anatero Sosten, "kwaya yalandira yunifolomu yatsopano."

Meya anatulukiranso, naye ali ndi kathaulo kochepa m'chiuno, akulunjika kudziwe.

"Ndipo a Tcheya avomera ubatizo."

"Amen," anatero abusa, nasendera kutsogolo kwa mpando.

Pamenepo meya anaterereka. Kathaulo kanauluka, ndipo matako a meya, ofiirira ndi onyezimira, anadzaza TV ya a Edmond kuchokera mbali ina kukafika ina. A Edmond anadina rimoti mwamphamvu. Koma m'malo mozimitsa anapoza, ndipo chithunzicho chinangoima pomwepo, chikuyang'anizana ndi abusa.

Kenaka a Evelina anatulutsa kamawu ngati ka ketulo, nagwera pamapewa a mnzawo. A Bizwick anatsika pampando n'kumamenya pansi ndi chikhatho. Vainess anathamanga, namasula chitenje, naphimba TV yonse ngati akufunditsa wodwala. A Edmond ankangodinadina, rimoti itazondoka.

Abusa anaimirira, nakonza kolala. Iwo sankaseka.

"Abale, tili m'nyumba ya tchalitchi. Filimu imeneyi wabweretsa ndani?"

Sosten anayang'ana a Edmond. Akuluwo anazemba maso a abusa n'kuyang'ana pa rimoti.

"Ndine, abusa," anatero Sosten. "Ndinasokoneza madisiki. Mundikhululukire."

Abusa anamudzudzula pamaso pa onse, mwaulemu koma mosafulumira, iye ataweramitsa mutu, manja kumbuyo. Ankangoganiza kuti msewu wa 31 wathera pomwepo, ndipo zoti ku Beech Grove adzalowanso pakhomo aiwale.

Dzuwa likupendeka, ali kulongedza sipika m'galimoto, anamva nsapato kumbuyo kwake. Anali a Edmond, okhaokha.

"A Chimbalanga. Ana aja munawatulutsa dala."

"Inde, bambo."

"Ndiye kuti munkadziwa zimene zikubwera."

"Ndinkadziwa, bambo."

"Munadziwa bwanji?"

Sosten anafufuza bodza m'mutu monse, iye amene anapekera mawu asilikali ndi agalu, koma sanalipeze.

"Ndinaionerapo, bambo. Yonse."

A Edmond anayang'ana kuholo, nayang'ana kumsewu, natsitsa mawu.

"Nanga pamapeto pake mkulu uja amakwatira uti? Wa zophika uja?"

"Onse asanu amamukana, bambo. Pachisankho anthu amavotera mphaka."

A Edmond anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anatsamira galimoto ya Sosten n'kuseka mpaka kutsokomola, ndipo Pamela, amene ankasuzumira kuseri kwa galimoto ina, anathamanga ndi botolo la madzi poganiza kuti amalume akomoka.

"Mawa ndikawauza abusa ndekha kuti disiki inali yanga," anatero atamwa madziwo. "Andidzudzule nanenso, ndione ngati ndingaime chilili ngati inu. Iwe Pamela, leka kundiyang'ana choncho. A Chimbalanga, muwauze akwanu abwere ku Beech Grove Loweruka likudzali. Tidzakhalapo."

Pamela analulutira pomwepo pamalo oimika magalimoto, mpaka azungu a nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo.

Chinkhoswe chinachitika pa 12 Okutobala 2019. Ukwati unachedwa ndi mliri uja, Sosten ali kalikiliki ndi okalamba ake, Pamela ali m'labu usana ndi usiku, mpaka anadalitsidwa ndi abusa omwe aja pa 7 Ogasiti 2021. Ntchito yatsopano inali ikumudikira Sosten ku Indianapolis. Anachoka ku South Bend Pamela akuyendetsa, iye atakhala kumbuyo chifukwa mpando wakutsogolo unali utatengedwa ndi duwa lalikulu la mumphika limene okalamba aja anamupatsa potsanzikana. Linali Loweruka, pa 14 Ogasiti 2021.