Matope m'furiji ya a NyaGondwe

Ku Luwinga kuli aphunzitsi ena a ku yunivesite amene sayang'ana kumwamba. Ukawapatsa moni amayankha "yewo" maso ali pansi, kenako amayamba: "Mukudziwa kuti pansi penipeni, m'kati mwa miyala, muli tizilombo tosaoneka ndi maso? Dzuwa sitilidziwa, timangodya mwala." Ngakhale makondakitala a minibasi anatopa nawo.

Koma wotopa kwenikweni ndi akazi awo, a NyaGondwe, amene amagulitsa mafirizi kwa ana asukulu. Chikumbitsireni mjigo kuseri kwa nyumba, bambowa anadzaza furiji ndi mabotolo a matope ochokera pansi pa dzenjelo, mafirizi n'kusowa pokhala. Ana aja anayamba kukagula kwa aneba.

Tsiku lina pobwera kuntchito, aphunzitsi anapeza m'furiji muli mafirizi okhaokha.

"A NyaGondwe, tizilombo tanga tili kuti?"

"Si inu mumati takhala pansipo zaka zikwizikwi popanda dzuwa, popanda magetsi?"

"Eya."

"Ndiye furiji yanga tikuifuniranji? Ndakwirira kudimba, tabwerera kwawo."

Masiku ano ukawafuna aphunzitsi, umawapeza atagwada pakati pa mpiru, akupepesa dothi.