Nyali ya m'chigafa

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi, ine amene ndinalekezera sitandade 8 pasukulu yakumudzi. Pakamwa panga mpolemera, nchifukwa chake ndasankha pepala.

Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Makolo anga anachokera kummwera, ndipo bambo anali achibwibwi kwambiri. Chaka chimenecho dziko linkakonzekera riferendamu. Ofuna zipani zambiri chizindikiro chawo chinali nyali, ofuna chipani chimodzi tambala wakuda. Kudera lathulo ambiri anali a tambala.

Tsiku lina masana kunachita mitambo tikusankha fodya m'chigafa. Bambo, polephera kusiyanitsa maonekedwe a masamba, anati, "Mu-muno muli mdima, tikufuna nyali." Akapitawo anamva. Mawa lake nkhani inali kwa eni esiteti, yoti tenanti wakummwera akukopa anthu. Anaitanitsa bwalo Loweruka. Tikanagonja tinkayenera kuchoka, pomwe kummwerako tinalibe ngakhale mzere umodzi wa munda.

"Ukayankhule ndiwe," anatero mayi. "Abambo akowa akamadzafika pa mawu achitatu, dzuwa litalowa."

Ine amene ndinkaopa ngakhale kuyankha m'kalasi! Ndinayamba kukumbukira anthu amene ndinawamvapo akuyankhula pagulu, kuti ndibwereke njira ya mmodzi. Akapitawo ankayankhula ngati pamsonkhano wachipani: kukuwa, kuponya funso, gulu nkuyankha. Munthu unkapezeka wavomera usanaganize. Aphunzitsi athu ankasakaniza Chingerezi, anthu nkumawapatsa ulemu koma osatolapo kanthu. Panalinso mkulu wa mpingo wina wa cha ku Mvera amene ankayankhula pamaliro. Iyeyo ankayenda pang'onopang'ono, mwambi pamwamba pa mwambi, ndipo sindinamvepo munthu atamukwiyira. Ndinasankha njira yake, chifukwa sindinkafuna kulakwira aliyense.

Loweruka anthu anadzaza pansi pa mtengo wa kutsogolo kwa ofesi. Akapitawo ndiwo anayamba.

"Anthuni, kodi masana amayatsa nyali?"

"Ayiii!"

"Nanga mdima umene akuuona achimwenewa ndi uti?"

"Awasambitse m'maso tambala!" anakuwa wina kumbuyo, anthu nkufa nacho chiseko.

Nthawi yanga itakwana ndinaomba m'manja, ndinapereka ulemu kwa bwana ndi kwa onse. Kenako ndinati, "Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa." Ndinkatanthauza kuti mawu amasochera akamayenda, basi.

"Bwana, mwamva nokha," anatero akapitawo. "Kamwanaka kakuti ine ndine wabodza. Iwe, unabadwa liti kuti uziphera akulu mwambi?"

Pamenepo mpomwe ndinazindikira kuti mwambi umakoma pakamwa pa waimvi. Pakamwa panga unasanduka mwano. Mantha atandigwira ndinasiya njira ya mkulu wa mpingo nkutola ya akapitawo. Ndinakweza mawu: "Inu amene munali m'chigafamo, kodi simunali mdima?"

Anthu amene tinkamanga nawo mapindi a fodya tsiku lomwelo anangowerama, ena nkumalemba pansi ndi kamtengo. Funso lotere limayankhidwa ngati gululo ndi lako kale.

Bambo anaimirira, chipewa chili m'manja. Anavutika nthawi yaitali. "Ndi-ndinkanena ya pa-pa-parafini," anatero, nkukhala pansi. Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwamanyazi. Mayi wina pafupi nane ananong'ona kuti, "Koma zoona." Sanakweze mawu.

Omaliza anali eni esiteti, ndipo njira yawo sindinaiwerengere. Anayankhula mofatsa, nthawi yaitali. Anayamikira akapitawo chifukwa chokhala tcheru, anayamikira bambo chifukwa cha fodya wabwino, anati tonse ndife ana a nyumba imodzi. Anthu anaomba m'manja. Tili m'njira mayi anandifunsa, "Ndiye akuti tikhale kapena tizipita?"

Palibe anatithamangitsa. Kungoti pachitsime mayi akafika nkhani zinkatha, ndipo ana ankakuwira bambo kuti "Anyali!" Mabelo athu atapita ku okushoni, tinaona akapitawo akuyendetsa munthu wina m'malire a munda wathu, akumulozera ndi ndodo.

Mpaka lero ndimadzifunsa ngati zikanasintha ndikanangonena zimene zinachitika m'chigafamo, mawu ochepa, anga anga. Bambo sanandidzudzule. Anangoti tilongedze, ndipo anasankha tsiku limene aliyense adzakhale pamzere wovota kusukulu, kuti pasakhale wotiperekeza ndi maso. Tinatsetsereka phiri kulowera kumsewu, mitolo ili pamutu, iwo osavota. Linali Lolemba, pa 14 Juni, 1993.